Magazini ya oyendetsa ndege inasiya pepala, patapita zaka 7 n'kubwereranso

TETE — Tsamba lino likamafika ku Ulónguè, ku Tsangano kapena ku Zóbuè limakhala litayenda ulendo wautali pa chapa, nthawi zina litagona panjira. Koma likafika silifa msanga ayi. Aphunzitsi akawerenga amapatsira a katekisiti, a katekisiti amaliiwala pa benchi ku chigayo, ndipo mnyamata amene akudikira mgaiwa wa amayi ake amalitola n'kuwerengera agogo amene maso awo anafooka. Potsiriza limakakulunga usipa pa msika, ndipo wogula usipayo amaŵerengako mizere iwiri itatu asanaliponye pamoto.

Masiku ano eni nyuzipepala ndi magazini m'maiko ambiri akuti ulendo wotere ndi wodula, ndipo ndi bwino kuleka kusindikiza pa pepala kuti nkhani zonse zizipita pa intaneti, aliyense aziwerenga pa foni yake. Nkhani yathu lero ikuchokera kutali, m'dziko la Australia, kumene bungwe la boma loyang'anira maulendo a pandege linachita zimenezi m'chaka cha 2012 ndi magazini yake yochenjeza za ngozi. M'chaka cha 2019 bungwe lomwelo linayambiranso kusindikiza magaziniyo pa pepala. Ambiri a ife ndege timangoiona ikudutsa m'mitambo, koma zimene zinachitika pakati pa zaka ziwirizi zikukhudza aliyense amene moyo wake unapulumukapo chifukwa chenjezo linamupeza pa nthawi yake.

Dziko lodalira tindege ting'onoting'ono

Australia ndi dziko lalikulu pafupifupi kakhumi kuposa Moçambique, koma anthu ake ambiri amakhala m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja. M'kati mwa dzikolo ndi chipululu ndi madambo odyetsera ng'ombe, kumene munthu atha kuyenda tsiku lathunthu pa galimoto osakumana ndi nyumba. Kumeneko ndege si ya anthu olemera okha. Kuyambira m'chaka cha 1928 kuli madotolo oyenda pandege amene amakatenga odwala ku midzi yakutali. Alimi akuluakulu amakusa ng'ombe ndi helikopita, ena amapopera mankhwala m'minda ndi ndege, ndipo makalata ndi katundu zimafika m'malo ena pandege basi.

Woyendetsa ndege wotere kawirikawiri amakhala yekha. Palibe wamkulu pambali pake womuuza kuti mphwanga apa walakwa. Akalakwitsa poyeza mafuta, kapena akalowa m'mitambo asanaphunzire kuyendamo, nthawi zambiri sakhalanso ndi mwayi wophunzira kachiwiri. N'chifukwa chake m'chaka cha 1953 dipatimenti ya boma yoona za ndege inayamba kutulutsa kamagazini kotchedwa Aviation Safety Digest. Ntchito yake inali imodzi: kufotokoza ngozi zimene zachitika, mmene zinayambira ndi pamene munthu akanatha kuzipewa, kuti ena amene ali moyo aphunzirepo. Oyendetsa ndege anakapatsa dzina lachipongwe lakuti "crash comic", ngati kunena kuti kabuku ka zithunzi za ngozi. Koma dzinalo linali lachikondi, pakuti kakafika palibe amene ankakasiya osawerenga.

Mkonzi wake wodziwika kwambiri anali malemu a Macarthur Job, amene anamwalira m'chaka cha 2014. Iwowa asanakhale mkonzi ankayendetsa okha ndege yonyamula madotolo ndi odwala ku madera akutali a ku South Australia, choncho ankadziwa bwino mantha a munthu amene dzuwa likumulowera ali m'mlengalenga, bwalo loteramo lisanaoneke. Sankalemba ngati woweruza milandu. Ankalemba ngati munthu wokamba nkhani pamoto, kuyambira pamene woyendetsa ndege anadzuka m'mawa mpaka pamene zinthu zinasokonekera, kotero kuti wowerenga ankadzifunsa kuti kodi ine ndikanachita chiyani pamenepa. M'chaka cha 1972 bungwe la ku America la Flight Safety Foundation linapatsa magaziniyo mphoto chifukwa cha ntchito imeneyi.

Chenjezo limene silinafike

Wina atha kufunsa kuti kodi kapepala kangapulumutse bwanji ndege. Yankho lake likupezeka pa ngozi ina imene inachitika ku America, ndipo onse ophunzira za chitetezo cha pandege amaidziwa.

Pa 1 Disembala 1974 ndege ya kampani ya TWA, ya mtundu wa Boeing 727, inali paulendo wopita ku mzinda wa Washington. Kunja kunali mphepo yamkuntho, ndipo ndegeyo inauzidwa kuti isatere pa bwalo limene inkapita koma ipite pa bwalo lina lotchedwa Dulles. Woongolera ndege ali pansi anauza oyendetsa kuti aloledwa kuyamba kutsetsereka kukatera. Mawu amenewa oyendetsawo anawamva mwina, woongolerayo ankatanthauza mwina. Iwo anaganiza kuti aloledwa kutsika nthawi yomweyo mpaka mafiti 1,800, omwe ndi mamita pafupifupi 550. Woongolerayo ankayembekeza kuti iwo akhalabe pamwamba monga mapu awo ankanenera mpaka atadutsa mapiri. Ali m'mitambo, osaona kutsogolo, anaomba phiri lotchedwa Mount Weather pa mtunda wa makilomita oposa 40 kuchokera pa bwalolo. Anthu onse 92 amene anali m'ndegemo anafa.

Chimene chinawawa kwambiri chinatulukira pa kafukufuku. Milungu isanu ndi umodzi ngoziyi isanachitike, ndege ya kampani ina, United Airlines, inamva mawu omwewo molakwika chimodzimodzi, inatsika chimodzimodzi, ndipo inaphonya phiri lomwelo pang'onong'ono. Oyendetsa ake atatera anazindikira kuti apulumukira mkamwa mwa mbuzi, ndipo anakanena ku kampani yawo. Kampaniyo inalemba chenjezo n'kugawira oyendetsa ndege ake onse. Koma chenjezolo linathera m'nyumba ya United momwemo. Panalibe njira yolifikitsira kwa anzawo a makampani ena, ndipo a TWA ananyamuka tsiku lija osadziwa kanthu.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma mwambiwu umagwira ntchito pokhapokha ngati wamva chimene chinaona mnzakoyo.

Ngozi imeneyi inachititsa kuti m'chaka cha 1976 dziko la America likhazikitse njira yakuti woyendetsa ndege, makaniko kapena woongolera ndege azitha kulemba kalata youlula cholakwa chake popanda dzina lake kudziwika. Makalatawo salandiridwa ndi bungwe lopereka zilango ayi, amalandiridwa ndi bungwe la NASA, kuti anthu asaope. Kuyambira m'chaka cha 1979 a NASA amasankha ena mwa makalatawo n'kuwafalitsa mwezi ndi mwezi m'kapepala kotchedwa Callback. Mfundo yake ndi yomwe ija ya a Job: cholakwa cha munthu mmodzi chikhale sukulu ya onse.

Magazini yobwera yokha pakhomo

Tibwerere ku Australia. Aviation Safety Digest inaleka kutuluka m'chaka cha 1991. M'chaka cha 1995 boma linakhazikitsa bungwe latsopano loyang'anira chitetezo cha pandege, lodziwika ndi dzina lachidule lakuti CASA, ndipo bungweli linayamba magazini yake yotchedwa Flight Safety Australia. Kwa zaka zambiri inkatuluka kamodzi pa miyezi iwiri iliyonse, ndipo inkatumizidwa pa positi kwaulere kwa anthu zikwi makumimakumi okhala ndi ziphaso za ntchito ya ndege: oyendetsa, amakaniko ndi ena otero. Achinyamata ena owerenga tsamba lino mwina sanaonepo kalata ikubwera pa positi, pakuti kwathu kuno boma linathetsa kampani ya Correios de Moçambique m'chaka cha 2021. Koma akuluakulu akukumbukira: kalata siifunsa ngati uli ndi nthawi. Imangofika, ndipo umaitsegula.

M'magazinimo munkakhala nkhani za ngozi zikuluzikulu, mafunso oti munthu adziyese yekha ngati akukumbukirabe malamulo, mndandanda wa zitsulo zimene amakaniko apeza zitathyoka kapena zitadyeka m'ndege zosiyanasiyana, ndiponso gawo limene ambiri ankathamangira, la anthu osimba okha mmene anatsalira pang'ono kufa.

Kuti mumvetse mtundu wa nkhani zimene magazini zotere zimanyamula, tamvani za mavu. Inde, mavu omwe aja omanga tinyumba ta dothi pa khoma kapena kuseri kwa chitseko. Kutsogolo kwa ndege kumakhala timachubu tating'ono totchedwa pitot, tokhala ndi kabowo kongokwana pensulo. Mphepo ikamalowa pa kabowoko, makina amawerengera liwiro limene ndege ikuthamanga. Woyendetsa akapanda kudziwa liwiro lenileni atha kuchepetsa mphamvu mpaka ndege kulephera kuuluka. Tsono kwa mavu, kabowo kotere ndi nyumba yomangamanga kale, yongofunika kumata.

Pa 6 Febuluwale 1996 ndege ya kampani ya Birgenair inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata m'dziko la Dominican Republic, ndipo anthu 189 anafa. Ndegeyo inali itakhala pansi kwa milungu pafupifupi itatu, ndipo ofufuza anapeza kuti kachubu kamodzi kanali kotsekeka. Iwo anaganiza kuti anatseka ndi mavu. Mu Novembala 2013, pa bwalo la ndege la Brisbane ku Australia komweko, ndege yaikulu ya kampani ya Etihad inakhala pansi maola awiri okha basi, koma itanyamuka makina a liwiro anayamba kutsutsana ndipo inabwerera mwamsangamsanga. Atafufuza anapeza dothi la mavu m'kachubu. Maola awiri okha! Kuchokera pamenepo anthu a pa bwalolo analimbikitsidwa kuvundikira timachubuto ndege ikangoima. Ndiye tamvani zotsatira zake: usiku wina mu Julayi 2018 ndege ya Malaysia Airlines inanyamuka pa bwalo lomwelo zovundikira zija zili pomwepo, onse amene anayenera kuzichotsa kapena kuziona ataziphonya. Mwamwayi inabwerera n'kutera bwino, osafa munthu.

Nkhani ngati imeneyi palibe munthu amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikafufuze za mavu. Makaniko amene sanamvepo za vutoli sadziwa n'komwe kuti pali choti afunse. Imayenera kumupeza yokha, ali pa tiyi, atatsegula magazini pofuna kuona zithunzi. Mfundo imeneyi tiisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Chaka cha 2012

M'chaka cha 2012, chaka chomwe kampani ya Movitel inayamba kugwira ntchito kwathu kuno, a CASA analeka kusindikiza Flight Safety Australia pa pepala. Magaziniyo sinafe. Inapitirira kulembedwa, koma tsopano munthu ankayenera kuiwerenga pa kompyuta, pa foni kapena pa tabuleti.

Tisafulumire kuwaweruza akuluakuluwo, chifukwa zifukwa zosiyira pepala zilipo ndipo ndi zomveka. Kusindikiza makope zikwizikwi a mitundumitundu ndi kuwatumiza pa positi m'dziko lalikulu chotere kumadya ndalama zambiri, ndipo ena mwa makopewo amakafika ku nyumba zimene eni ake anasamuka kale kapena anasiya ntchito ya ndege. Chachiwiri ndi changu. Magazini ya miyezi iwiri imatanthauza kuti chenjezo lolembedwa lero litha kudikira milungu isanu ndi itatu, pamene pa intaneti limatuluka tsiku lomwelo. Pa intaneti amaikaponso mafilimu ndi mawu, kotero kuti munthu amaona ndi maso mmene ndege imapendekera m'malo mongowerenga. Cholakwika chikapezeka m'nkhani amachikonza pomwepo. Ndipo zakale sizitayika: ngakhale makope a Aviation Safety Digest a m'nthawi ya a Job anajambulidwa ndipo akupezeka pa intaneti, pamene a pepala ambiri anadyedwa ndi njenjete.

Pali phindu linanso limene likutikhudza ife. M'nthawi ya pepala, makaniko wa pa bwalo la ndege la Chingodzi kuno ku Tete kapena wa ku Lichinga sankailandira kwaulere pa positi magazini ya ku Australia, pakuti positiyo inkapita kwa okhala ndi ziphaso za dziko limenelo. Lero, ngati amamva Chingerezi ndipo ali ndi mamega m'foni, atha kuwerenga nkhani zake kwaulere. Mavu a ku Brisbane ndi a ku Tete amamanga mofanana. Pamenepa intaneti yachita chimene chinasoweka m'chaka cha 1974: yatulutsa chenjezo m'nyumba imodzi kupita nalo kwa onse.

Nanga chinavuta n'chiyani?

Oyendetsa ndege ena anayamba kudandaula nthawi yomweyo. Choyamba chinali chodziwikiratu kwa aliyense wokhala m'malire ngati ife, amene timakwera pachulu kusaka netiweki, foni n'kukagwira ya ku Malawi m'malo mwa yathu. Australia ndi dziko lolemera, koma m'chaka cha 2012 intaneti ya m'madera akutali inali yofooka ndi yodula. Masetilaiti a boma otchedwa Sky Muster, amene anakonzedwera anthu a kumidzi yotere, anaponyedwa m'mlengalenga m'zaka za 2015 ndi 2016. Ndiye kuti munthu wokusa ng'ombe ndi helikopita, amene ali yekhayekha ndipo ntchito yake ndi yoopsa zedi, ndi yemweyo amene magazini ya pa intaneti inkavuta kumufikira.

Koma ine ndikuona kuti vuto lalikulu silinali la netiweki. Ngakhale wokhala m'mzinda wa Sydney, wa intaneti yothamanga, anataya kanthu. Magazini ya pepala inkagona pa tebulo m'chipinda chopumira oyendetsa ndege, m'shedi yokonzera ndege, pa sukulu yophunzitsa kuuluka, ngakhale m'chimbudzi. Kope limodzi linkawerengedwa ndi anthu ambiri amene dzina lawo silinali pa envulopu: wophunzira amene akudikira kuti mvula ikate, mnyamata wothira mafuta, mkazi wa woyendetsa ndege amene madzulo ankafunsa mwamuna wake kuti kodi inunso mumachita zimenezi. Linkakhala pamenepo miyezi, likuda ndi girisi, mpaka wina kulitola chifukwa chosowa chochita.

Pa foni sizitero. Foni ili ndi mwini mmodzi ndipo imakhala m'thumba. Kuti nkhani ya chitetezo iwerengedwe, mwini foniyo ayenera kuifuna yekha, kapena kutsegula uthenga umene wabwera pakati pa mauthenga ena makumi asanu. Ndipo ikatseguka imapikisana ndi mpira, nyimbo, macheza a pa WhatsApp ndi zithunzi za achibale. Amene amaifuna ndi anthu osamala kale, okonda kuphunzira. Koma magazini yochenjeza za ngozi siilembedwera iwowo kwenikweni. Imalembedwera uja wodzikhulupirira, amene wauluka zaka makumi awiri osachita ngozi ndipo akuganiza kuti palibe chatsopano chimene angamve. Ameneyo sadzatsegula tsamba la pa intaneti la bungwe limene limamulipiritsa chiphaso ndi kumuopseza ndi chilango. Koma pepala likagona pafupi ndi kapu yake ya tiyi, chithunzi cha ndege yonga yake chili pachikuto itapindika ngati chitini, amalitola.

Ife amene tinaphunzira ntchito ku wailesi tinauzidwa zofanana ndi zimenezi tsiku loyamba: womvera sanakhale pansi kudikira iwe. Akupalira, akutsuka mbale, akukonza njinga, ndipo mawu ako ayenera kumupeza komweko. Ndi mmenenso zinalili ndi zikwangwani zofiira za chigaza cha munthu, zolembedwa kuti Perigo Minas, zimene zinkakhomedwa m'mbali mwa njira nkhondo itatha m'chaka cha 1992, anthu akubwerera kuchokera ku Malawi. Palibe amene ankachoka pakhomo kukafuna chikwangwani. Chinkaima pamalo pamene phazi lako likupita. Dziko lino linalengezedwa kuti lachotsa mabomba onse okwirira odziwika m'chaka cha 2015, ndipo pa zaka zonse za pakatipo anthu osawerengeka anapatuka panjira chifukwa cha kachitsulo kopentedwa kamene sanakapemphe.

Sindikunena kuti ngozi za ndege zinachuluka ku Australia chifukwa magazini inasiya pepala. Zimenezo palibe angaloze chala, pakuti ngozi imene yapewedwa siisiya chizindikiro. Woyendetsa amene anakumbukira nkhani ina n'kubwerera m'malo molowa m'mitambo amangofika kunyumba, kudya mgonero n'kugona. Apa ndi pamene pamavuta pokambirana za ndalama. Mtengo wa pepala ndi masitampa umaoneka bwinobwino m'mabuku a akawunti, pamene phindu lake silioneka paliponse. Pa intaneti akuluakulu amatha kuwerenga kuti anthu angati atsegula nkhani, ndipo nambalayo imasangalatsa pa msonkhano. Koma siinena kuti ndani sanatsegule.

Kubwerera kwa pepala

A CASA sanatseke makutu. Poyamba anayesa njira yapakati: m'zaka zina ankasonkhanitsa nkhani zabwino za chaka chonse n'kuzisindikiza m'buku limodzi. Koma owerenga sanaleke kupempha magazini yeniyeni, ndipo m'chaka cha 2019, patatha zaka zisanu ndi ziwiri, Flight Safety Australia inayambanso kutuluka pa pepala. Ya pa intaneti sinatsekedwe. Ziwirizi zinayamba kuyendera limodzi, ya pa intaneti yonyamula nkhani zachangu ndi mafilimu kwaulere, ya pepala yonyamula nkhani zoti munthu akhale nazo pansi.

Komabe chimene chinabwerera si chimene chinachoka. Magazini ya pepala yatsopanoyi inayamba kutuluka kanayi pa chaka m'malo mwa kasanu ndi kamodzi, ndipo siinkabweranso yokha kwaulere kwa aliyense wa chiphaso monga kale. Woifuna anayenera kulembetsa ndi kulipira ndalama ya chaka. Kunena kwina, pepala nalonso linasanduka chinthu choti munthu achifune yekha. Wodzikhulupirira uja salembetsa. Chiyembekezo chili pa sukulu zophunzitsa kuuluka, makalabu ndi makampani a ndege amene angalipire kope limodzi n'kulisiya pa tebulo, kuti ligwire ntchito yakale ija yodikira wosowa chochita.

Nkhani imeneyi ndinaikamba kwa mkulu wina wopuma pa ntchito ya zaulimi, amene zaka zake zonse ankayenda pa njinga m'midzi ya m'malire kugawa timapepala ta mbozi ya chimanga ndi ta katemera wa ng'ombe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa funso limodzi lokha. Sanafunse za phiri la ku America kapena za ndalama za boma la Australia. Anafuna kudziwa ngati zovundikira timachubu zija zili ndi mtundu wowala woti munthu aziona patali. Ndinawauza kuti kawirikawiri zimakhala ndi kansalu kofiira kolendewera, kolembedwa mawu okumbutsa kuti zichotsedwe ndege isananyamuke, ndipo kuti za ku Brisbane zija zinaphonyedwa usiku. Anagwedeza mutu, napinda nyuzipepala imene inali m'manja mwawo, n'kuisiya pa benchi pomwepo pamene tinakhala.